Kodi mwana wanga anadindidwa kale ndi agogo ake?

Funso: Ine kwathu ndi ku Mangochi, koma ndimakhala ku Turffontein ndipo ndimagwira ntchito yolera mwana ku Randburg. Mwana wanga wamkazi ndinamusiya kwa amayi ali ndi miyezi 8, pano ali ndi zaka 4. Tsiku lina mwana wa abwana ankalirira ine mayi ake atamunyamula, ndiye iwo anati wachita imprint pa ine ngati kabakha. Usiku umenewo sindinagone, ndinkangoganiza za wanga. Mnzanga wa kutchalitchi akuti mawuwa anawamva kwa adokotala pofotokoza matenda a mwana wake. Achimwene anga, amene akufuna kusindikiza ndakatulo zawo, akuti ndi mawu a zamabuku. Zoona ndi ziti? Kodi mwana wanga sadzandidziwanso kuti ndine mayi ake?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi chimene chakusowetsani tulo. Mwana wanu sanakutayikeni. Mwana wa munthu sadindidwa kamodzi n'kuthera pomwepo ngati kabakha, ndipo ndikufotokozerani chifukwa chake bwinobwino, popeza zamoyo ndi chibadwa ndizo ndimaphunzitsa kuno. Koma mnzanu ndi achimwene anu sanakunamizeni. Mawuwa ndi amodzi, angoti alowa m'nyumba zitatu, ndipo m'nyumba iliyonse anapatsidwa ntchito yakeyake.

Tsinde lake ndi chidindo. Ife a ku Joni palibe angatiphunzitse za chidindo. Tonse tinaimapo pamzere pa Mwanza kapena pa Dedza, kenako pa Nyamapanda, mpaka pa Beitbridge pakati pa usiku, pasipoti ili m'manja, khutu likudikira kumva kuti phaa! M'Chingerezi imprint ndi chizindikiro chimene chimatsala chinthu chikakanikizidwa pa chinzake, monga phazi pamatope kapena chala cha inki pafomu. Matanthauzo onse atatu achokera pamenepa.

Za achimwene anu ndi zazifupi. Kale ku Ulaya osindikiza mabuku ankalemba dzina lawo, mzinda ndi chaka m'munsi mwa tsamba loyamba, ndipo mzere umenewo ndiwo unkatchedwa imprint. Lero mawuwa amatanthauza dzina limene kampani imaika pa mtundu wina wa mabuku ake, ngati munthu mmodzi amene ali ndi golosale, saluni ndi chigayo, chilichonse ndi chikwangwani chake, koma ndalama zikulowa m'thumba limodzi. Penguin itayamba mu 1935, inatsegula dzina la Pelican mu 1937 la mabuku a maphunziro, ndi Puffin mu 1940 la mabuku a ana. Kuno Penguin Random House ili ndi Umuzi, Zebra Press ndi Struik Nature. NB Publishers ya ku Cape Town inakhala ndi Kwela ndi Tafelberg kwa zaka zambiri. Pan Macmillan ili ndi Picador Africa. Choncho akafunsidwa kuti akutumiza ku imprint iti, akufunsidwa khomo limene akugogoda, ndipo ndakatulo sazipititsa pakhomo la mabuku a mbalame ndi mitengo. Tsamba la kuseri kwa mutu wa buku, lija lili ndi dzina la mwini zolembazo, chaka ndi nambala ya ISBN ya manambala 13, nalonso amalitcha imprint page. Muwauze chinthu chimodzi chimene chimandiwawa ndikamaona achinyamata athu akugwa nacho: dzina lokongola pamsana pa buku si umboni woti kampaniyo ndi yeniyeni. Wosindikiza weniweni ndiye amalipira ndalama zokonzera ndi kusindikizira bukulo, n'kumapatsa wolemba gawo lake likamagulidwa. Akauzidwa kuti ayambe iwo alipira, adziwe kuti akugula ntchito, ndipo afunse kuti alandira mabuku angati komanso umwini wa ndakatulozo ukhala wa yani.

Za mnzanu ndi zolemera, ndiye ndiziyenda pang'onopang'ono. M'maselo a thupi lathu muli timitolo 46 totchedwa makromozomu, 23 tochokera kwa mayi ndi 23 tochokera kwa bambo. M'timitolomo ndimo muli malangizo a chibadwa, amene pa Chingerezi amati ma gene. Ena amalemba kuti majini, koma ine ndimapewa chifukwa kwanu ku Mangochi majini ndi nkhani ina. Pa malangizo ambiri, la mayi ndi la bambo onse amagwira ntchito limodzi, ndipo lina likawonongeka linzake limagwirizira. Koma pa malangizo pafupifupi 20,000 amene tili nawo, alipo ochepa, mwina 100 kapena 200, amene amafika kwa mwana atadindidwa kale: ili lachokera kwa bambo, ili lachokera kwa mayi. Chidindocho ndi timankhwala ting'onoting'ono tomamatira pa DNA, kaulusi ka m'timitolo tija kamene kamasunga malangizowo, ndipo ntchito yake ndi kutseka pakamwa limodzi mwa awiriwo kuti linzake lokha lizilankhula.

Zimenezi zinadziwika mu 1984, pamene gulu la Azim Surani, wobadwira ku Kisumu m'dziko la Kenya koma akugwira ntchito ku Cambridge, ndi gulu la Davor Solter ndi James McGrath ku Philadelphia, anayesa kupanga mluza wa mbewa wokhala ndi mbali ziwiri zonse za mayi, ndi wina wa mbali ziwiri zonse za bambo. Chiwerengero cha timitolo chinali chokwanira, koma palibe mbewa imene inabadwa. Wa mbali za mayi zokha, kamwanako kankayamba kuumbika koma nsengwa inkakanika. Wa mbali za bambo zokha, nsengwa inkakula koma kamwanako ayi. Apa m'pamene anthu anazindikira kuti zochokera kwa mayi ndi zochokera kwa bambo sizilowana m'malo.

Vuto limabwera motere. Ngati langizo lina limalankhula kuchokera kwa bambo kokha, ndiye la bamboyo n'kusowa kapena kuwonongeka, la mayi lilipo ndithu koma ndi lotsekedwa pakamwa, palibe wogwirizira. Pa kromozomu nambala 15 pali kachigawo kamene kamaonetsa zimenezi poyera. Kakasowa ku mbali ya bambo, mwana amakhala ndi matenda a Prader-Willi, amene madokotala a ku Zurich anawafotokoza mu 1956: khanda limabadwa lofooka thupi lonse, losalira mwamphamvu, lolephera kuyamwa, koma likafika zaka zingapo limayamba kumva njala yosatha, ngakhale litangodya kumene. Kachigawo komweko kakasowa ku mbali ya mayi, matenda ake ndi ena, a Angelman, amene anafotokozedwa ku England mu 1965: mwana salankhula kapena amangotchula mawu ochepa, amayenda movutikira, kawirikawiri amagwa khunyu, ndipo amamwetulira ndi kuseka pafupipafupi. Alipo matenda enanso a mtundu umenewu, ndiye dzina lenileni la vuto la mwana wa mnzanuyo alifunse kwa adokotala, alilembe papepala.

Chimene ndikufuna mukamuuze ndi ichi. Mawu akuti mbali ya mayi kapena mbali ya bambo asalowe m'banja ngati mlandu. Nthawi zambiri kachigawoko kamangosoweka mwangozi pamene dzira kapena umuna ukupangidwa, makolo onse ali bwinobwino. Si chifukwa cha chimene anadya ali woyembekezera, si tsempho, si kuti wina anamulodza. Ndaonapo mayi akunyozedwa ndi apongozi ake pa chinthu chimene chinachitika m'selo limodzi mwana asanakhaleko n'komwe, ndipo zimenezi ndi nkhanza. Kuno ku Johannesburg akatswiri a zachibadwa a ku yunivesite ya Wits ndi a NHLS, bungwe la boma loyeza matenda, amaona odwala ku zipatala za Charlotte Maxeke, Baragwanath ndi Rahima Moosa. Apemphe kalata yomutumiza kumeneko, ndipo akafike ndi funso loti kodi mimba ina ingadzakhalenso choncho, chifukwa yankho limadalira mmene vutolo linayambira pa mwana ameneyu. Chidindo chimenechi sichikhalanso mpaka kale. Thupi likamapanga mazira kapena umuna, limafufuta zidindo zimene munthuyo analandira n'kudinda zatsopano: mwamuna amadinda zonse kuti ndi za bambo, ngakhale zimene analandira kwa mayi ake.

Tsopano tibwere kwa kabakha ka abwana anu.

Ndili mwana kwathu ku Dowa, agogo anga anapatsidwa mazira a bakha n'kuwaikira thadzi limene linkafuna kufungatira. Mazira a nkhuku amaswa pa masiku 21, koma a abakha athu akumudzi aja amatenga masabata asanu, ndipo thadzilo linapirira mpaka linaonda, chifuwa chonse nthenga zitathothoka. Ataswa, tiabakhato tinalondola thadzi lija kulikonse, kudzala, kuseri kwa nkhokwe, pansi pa thandala. Tsiku lina tinafika pa chithaphwi cha kudambo n'kulowa m'madzi tonse, wina pambuyo pa mnzake. Thadzi linatsala kumtunda likuthamanga uku ndi uku, mapiko ali pansi, likuitana ndi mawu aja limaitanira kukabwera mphamba. Tiabakhato titatopa tinatuluka, n'kukalowa pansi pa mapiko ake omwewo, tili chinyowere. Abakha enieni analipo pamudzi, koma sitinkawayang'ana n'komwe. Amene amaikira nkhuku mazira a nkhanga amadziwa zomwezi.

Azungu anazilemba mochedwa poyerekeza ndi agogo athu amene ankazichita. Douglas Spalding wa ku Britain analemba mu 1873 kuti anapiye amatsatira chinthu choyenda chimene ayamba kuchiona. Oskar Heinroth wa ku Germany anaona zomwezo pa atsekwe, ndipo wophunzira wake Konrad Lorenz, wa ku Altenberg m'dziko la Austria, ndiye anazitchukitsa mu 1935. Iye anazitcha Prägung, mawu a Chijeremani onena za kudinda ndalama yachitsulo, ndipo pomasulira m'Chingerezi anati imprinting. Ana a atsekwe amene anaswa iye ali pomwepo ankamulondola pamzere, kumtunda ndi m'madzi momwe. Mu 1973 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Niko Tinbergen ndi Karl von Frisch. Eckhard Hess wa ku America anayeza nthawi yake pa abakha, n'kupeza kuti chidindo chimagwira kwambiri pakati pa maola 13 ndi 16 kabakha kataswa. Pakapita masiku ochepa, mantha amayamba, ndipo chinthu chachilendo chikayenda kamathawa m'malo mochitsatira.

Kwa mbalame zina chidindochi chimafika patali, mpaka pa kusankha mkazi kapena mwamuna. Mbalame yoleredwa ndi munthu ikakula imatha kumafunsira anthu n'kumakana zinzake. N'chifukwa chake oteteza zachilengedwe amasamala kwambiri. Kuno ku South Africa kuli mbalame yaitali miyendo ya m'madambo yotchedwa wattled crane, imene inatsala pang'ono kutha. Ikaikira mazira awiri imalera mwana mmodzi yekha, ndiye pa ntchito yoipulumutsa, imene Johannesburg Zoo inatengapo mbali, ankatola dzira losiyidwalo n'kuliswetsa. Wolera kamwanako amavala chovala chobisa thupi lonse ndi nkhope, salankhula, ndipo amakadyetsa ndi chidole chooneka ngati mutu wa mayi ake, kuti kadzakule kakudziwa mtundu wake.

Funso lofunika ndi lakuti, n'chifukwa chiyani kabakha kamafulumira chonchi? Kamaswa kali ndi maso, kali ndi miyendo, ndipo tsiku lomwelo kakuyenda pabwalo pamene pali mphamba, agalu ndi njoka. Kakachedwa kudziwa womutsatira, kafa. Taonani maunda. Amaswa ali psuu, osaona, osayenda, ndipo sathamangira kudziwa kholo pa tsiku loyamba, popeza sangapite kulikonse. Mwana wa munthu ali kumbali ya maunda, ndipo amawaposa kutali. Amatha pafupifupi chaka asanayende. Alibe chifukwa chodindira munthu mmodzi pa maola oyamba, ndipo Mulungu sanamupange choncho. Ngakhale pa mbalame zomwezo, Patrick Bateson ndi anzake a ku Cambridge anadzaonetsa kuti chidindo si chouma gwaa monga ankanenera Lorenz: nthawi yake imatha kutalika, ndipo nthawi zina chimasintha.

Mawuwa analowa m'nkhani za ana kudzera mwa John Bowlby, dokotala wa ku London amene anawerenga za atsekwe a Lorenz n'kuganiza kuti mwana wa munthu nayenso amabadwa ndi njala yofuna womudalira, osati ya mkaka yokha. Pamenepo analondola. Koma iye anagwiritsa ntchito mawu ena, attachment, kutanthauza kumamatira kapena kuzolowerana kwa mwana ndi womulera, ndipo kumeneku kumamangidwa tsiku ndi tsiku. Mnzake wa pa ntchito, Mary Ainsworth, anayamba kuziona bwino kuno ku Africa, m'midzi ya pafupi ndi Kampala cha m'ma 1954 ndi 1955, akuyendera amayi achiganda ndi makanda awo m'makomo. Anaona kuti mwana amadalira kwambiri munthu amene amamumva msanga akalira ndiponso amadziwa chimene akufuna. Mu 1964 Rudolph Schaffer ndi Peggy Emerson anafalitsa zimene anapeza potsatira makanda 60 ku Glasgow. Ambiri anayamba kukakamira munthu mmodzi cha pa miyezi 7, koma pofika miyezi 18 ambiri anali ndi anthu angapo owadalira: mayi, bambo, agogo, achemwali. Mtima wa mwana si pasipoti imene masamba ake amatha.

Ndiye za mwana wa abwana anu, palibe chodabwitsa. Mumamudyetsa, mumamusambitsa, mumamubereka akalira, tsiku lonse. Wakuzolowerani, ndipo ndi umboni woti mukumulera bwino. Sanataye mayi ake, ndipo mwina mawu aja anatuluka chifukwa nawonso mtima unawapweteka monga wanu.

Chimene chimawononga mwana ndi kusowa womudalira aliyense. Umboni wowawa unachokera ku Romania itagwa boma mu 1989, kumene kunapezeka ana ambirimbiri m'nyumba za ana amasiye, ogona m'mabedi tsiku lonse popanda wowanyamula kapena kuwalankhula. Michael Rutter ndi anzake anatsatira ena mwa iwo amene anatengedwa ndi mabanja a ku Britain. Amene anachotsedwamo asanakwane miyezi 6 anakula pafupifupi ngati ana ena onse. Amene anakhalitsamo, ambiri anali ndi mavuto mpaka kukula, ngakhale kuti nawonso anasintha kwambiri atapeza banja. Inde, m'mera m'poyamba, zaka zoyambirira ndi zofunika. Koma mwana wanu sanali pabedi lopanda munthu. Anali kumsana kwa mayi amene anakulerani inuyo. Kulera kwa agogo, azakhali ndi amalume si kwachilendo kwa ife. Kuyambira masiku a Wenela ndi Theba midzi yathu yalera ana a anthu a ku Joni, ndipo ambiri a ife amene tikuwerenga pano tinakulira m'manja otero.

Sindikunamizani kuti zonse zidzakhala zofewa. Mwana amene munamusiya ali ndi miyezi 8 sakukumbukira bere lanu kapena fungo lanu. Analira masiku oyambawo, chifukwa pa msinkhu umenewo anali atayamba kale kukudziwani, kenako anatembenukira kwa agogo ake, ndipo anachita bwino kutero. Lero akagwa n'kudzipweteka, amathamangira kwa iwo. Mwina amawaitana kuti amayi. Tsiku limene mudzatsike basi n'kufika pakhomo ndi zikwama zanu, n'kutheka kuti adzabisala kuseri kwa chitenje chawo, n'kumakusuzumirani ndi diso limodzi. Zidzakupwetekani, ndipo ndi bwino kuti mudziwiretu. Koma kumeneko si kukukanani. Ndi mwana amene ali ndi pothawira, ndipo mwana woteroyo ndi amene savutika kulandira munthu wina.

Poti kuzolowerana kumamangidwa ndi kubwerezabwereza, yambani muli konkuno. Kuimba foni mphindi zisanu masiku atatu pa sabata, pa nthawi yodziwika, kumaposa ola lathunthu kamodzi pa mwezi. Mwana wa zaka 4 sayankha mafunso a akuluakulu akuti uli bwanji, wadya chiyani. Muimbireni nyimbo imodzi yomweyomweyo, muuzeni nthano, muonetseni pa video mphika umene mukuphikira ndi bedi limene mumagona. Tumizani mawu pa WhatsApp oti azimuseweretsera pogona. Chithunzi chanu chikhale pakhoma pamene maso ake amafika. Ndipo mulankhule ndi amayi anu momasuka, chifukwa iwo ndiwo mlatho: akamati diresi ili agula ndi amayi ako, amayi ako afunsa za chilonda chako chija, dzina lanu limakhala lamoyo m'nyumbamo. Musalole kuti dzina lanu likhale choopsezera, zija amati ukapanda kumvera ndiwauza amayi ako asakutumizire kanthu.

Mukapita pa Disembala, musamulande m'manja mwa agogo ake pakhomo pomwepo, ngakhale manja akuyabwa. Khalani pamphasa, muzicheza ndi amayi anu, iye aziona kuti iwo akuseka nanu. Adzayandikira yekha, mwina tsiku lomwelo, mwina lachitatu. Zovala ndi maswiti mupereke, koma zimene zimamanga ndi ntchito zazing'ono zija mumachitira mwana wa ku Randburg: kumuphikira phala, kumusambitsa, kumudzoza mafuta, kumuluka tsitsi, kudzuka akalira usiku. Apempheni amayi anu akusiyireni zina mwa zimenezi pang'onopang'ono. Akawaitana kuti amayi inu muli pomwepo, musamudzudzule.

Pobwerera kuno, chonde musamuzembe ali m'tulo. Tinazolowera kunyamuka m'bandakucha kuti mwana asalire, koma amene amapulumuka pamenepo ndi wamkulu, osati mwana. Iye amadzuka n'kupeza mphasa ili yokha, ndipo amaphunzira kuti munthu uyu amasowa osanena, ndiye ulendo wina amaopa kukuyandikirani. Muuzeni kutatsala masiku awiri kapena atatu, muuzeni kuti mudzabwera liti m'mawu amene angamve, monga mango akadzapsanso, ndipo mulonjeze zokhazo zimene mungakwanitse. Alire ali m'manja mwa agogo ake, akukuonani mukukwera. Mukafika pa Park Station, foni yoyamba ikhale yake.

Ngati mukuganiza zodzamutenga kuti azikhala nanu kuno, kumbukirani kuti tsiku limenelo iye adzakhala akusiya munthu amene wamulera zaka zonsezi, ndipo adzamva chimene inu munamva pomusiya. Muyambe mwakhala naye nthawi yotalikirapo kumudzi, abwere ndi kansalu kapena kachidole kake kakale, ndipo masabata oyambawo aziwaimbira agogo ake madzulo aliwonse.